Zinsinsi za Ofesi Yathu ndi Zitumbuwa za ku Nselema

Ndinagwira ntchito yosunga mafayilo mu ofesi ina ya boma ku Balaka mpaka imvi zinandipeza momwemo. Chipinda chathu tinkachitcha rejisitiri. Munali makabati achitsulo m'mbali monse, zenera limodzi la mawaya, matebulo awiri, ndi fumbi limene ukaliphumitsa lero mawa labwerera pamalo pake. Makiyi ndinkasunga ndine. Ndinkawamangirira pachingwe m'chiuno, ndipo ndikamadutsa pakhonde anthu ankandimva ndisanaoneke.

Ndinkadziwa za aliyense. Ndinkadziwa wokwezedwa pantchito mwini wake asanamve. Ndinkadziwa bambo amene mkazi wawo analembera ofesi kudandaula kuti kunyumba amangobwera kudzasintha malaya, ndiponso amene satifiketi yawo inkakayikitsa ngakhale mwana wa pulayimale. Anthu omwewa ndinkakumana nawo kumsika, kuwapatsa moni waulemu, kufunsa za ana, osatulutsa ngakhale kamawu kamodzi. Ndinkanyada nazo zimenezi, ndisaname. Ndinkadziona kuti m'boma lonse la Balaka munalibe pakamwa potseka ngati panga. Koma paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Patebulo lachiwiri pankakhala mnzanga, mayi wa ana awiri wochokera kwa Nsamala, amene anabwera ine nditakalamba kale pantchitoyo. Tsiku lake loyamba ndinamuuza lamulo langa: "Za m'chipinda chino sizituluka, ngakhale akufunseni ndi amayi anu okuberekani." Anavomera ndi mutu. Ntchito ankaigwira bwino, koma anali ndi foni yaikulu ngati thabwa imene mwamuna wake anamutumizira kuchokera ku Joni, ndipo nthawi yopuma ankaisisita n'kumaseka yekha. Ineyo foni imeneyo sindinkaikonda. Yanga inali kakang'ono ka mabatani, komanga ndi mphira kuti batire isagwe.

Vuto lathu linali mapepala otayidwa. Abwana athu anali munthu wosakhutira msanga. Kalata imodzi ankaikonza kasanu, ndipo zinayi zokanidwazo zinkabwera kwa ine, chilichonse chili ndi mayina a anthu ndi chidindo chofiira cha chinsinsi pamwamba. Lamulo linkati ziwonongedwe. Makina odulira mapepala analipo, koma anafa chaka chomwe anabwera, ndipo tinkaikapo ketulo. Tinayesapo kuotchera kuseri kwa ofesi, koma mphepo ya mwezi wa Ogasiti inanyamula kalata ina yopsa theka n'kukaitula pa tomato wa amayi ena pamsewu, abwana n'kuletseratu. Kunyumba kwanga sindikanayerekeza. Ndinkakhala nyumba za lendi zogundizana, ndipo mayi wa khomo loyandikana nalo ankawerenga ngakhale pepala lokulungira sopo.

Ndiye ndinapeza nzeru imene ndinkaiona kuti ndi yapamwamba. Kwathu ndi ku Nselema, ku Machinga, ndipo kumapeto kwa mwezi uliwonse ndinkapita kukaona achemwali anga aakulu, amene amakazinga zitumbuwa m'mbali mwa msewu. Ndinkalongedza mapepalawo m'katoni, kumanga ndi chingwe, kukwera nayo minibasi n'kuiika pamiyendo ngati mwana. Ndinkati ku Nselema ndani angadziwe mayina a anthu a ku Balaka? Ulendo woyamba nditafika ndinapempha machesi, koma achemwali anandiletsa.

"Iyayi, mwatopa ndi ulendo inu. Siyani pomwepo, ndiotcha ndine mawa ndikamakoleza moto."

Ndinaona kuti Mulungu wandipatsa m'bale wabwino. Achemwali sukulu anangoinunkhiza, Chingerezi kwa iwo ndi mizere chabe, ndiye ndani akanaposa iwo pantchito yotere? Kuyambira pamenepo zinangokhala choncho. Ndinkasiya katoni kuseri kwa khitchini, ndikabwerera ku ofesi n'kulemba m'buku kuti mapepala aotchedwa, n'kusayina ndi dzanja langa lokongola. Ponyamuka achemwali ankandipatsa jumbo ya zitumbuwa yomanga mfundo ziwiri, yoti ndikapatse mnzanga wa kuntchito. Ine zamafuta adokotala anandiletsa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndiye jumboyo ndinkangoitula patebulo pake osaimasula, kuopa kuyesedwa.

Tsiku lina mnzangayo anandifunsa motsitsa mawu, maso ali pafayilo.

"Amayi, kodi mapepala aja mumachita kuwaona ndithu akupsa?"

Mtima wanga sukhalira kupsa. Ndinamuuza kuti ntchito imeneyi ndinaiyamba iye akulemba a e i o u pamchenga, ndipo kuti akafuna kuphunzitsa munthu akaphunzitse ana ake. Anati pepani, n'kupitiriza kuboola mapepala. Sanadzafunsenso.

Kenako chinaphulika. Panali mndandanda wa alangizi a kumidzi amene amayenera kusamutsidwa, ena kuchoka pafupi ndi tawuni kupita kumalo kumene ngakhale foni imafuna ukwere pachulu. Mndandandawo unali usanasayinidwe, abwana anali akuukonzabe. Lolemba lina m'mawa unapezeka m'mafoni a anthu onse, chithunzi chake chooneka bwino, chidindo chofiira chili pamwamba. Pofika teni koloko pabwalo la ofesi panali patadzaza njinga zamoto. Wina anabwera ndi kalata ya kuchipatala yonena kuti mawondo ake salola malo a mapiri. Wina anabwera ndi mkazi wake woyembekezera kuti abwana adzionere okha. Wina amene dzina lake silinali pamndandanda anabwera kudzafunsa chifukwa chake, popeza iye anali atatopa ndi kumene anali.

Kulikulu kunachokera amuna atatu a mataye kudzafufuza, ndipo asanapeze kanthu anayamba ndi malamulo. Mafoni onse ankatsala m'dengu kwa alonda pageti. Alondawo, munthu wachifundo, sankapirira kumva foni ikulira popanda woyankha, ndiye ankayankha okha n'kumalandira mauthenga. Pasanathe sabata ankadziwa za mabanja athu kuposa zimene ine ndinadziwa m'zaka zonse za mafayilo. Chidindo chofiira chinayamba kugwa papepala lililonse. Apongozi a dalaivala wathu atamwalira, chidziwitso cha maliro nacho chinadindidwa n'kutsekeredwa m'kabati, moti tinamva za malirowo ataikidwa kale, ndipo dalaivalayo sanatilankhule mwezi wathunthu.

Zoseketsazo zinalipo, koma zina zinkandiwawa. Mabwana anasiya kulemba. Nkhani imene kale inkabwera papepala tsopano ankati, "Tiyeni tikakambirane pansi pa mtengo." Mafayilo anayamba kuonda, ndipo ndinkadzifunsa kuti munthu wodzafuna kudziwa zimene zinagamulidwa chaka chimenecho adzafunsa mtengowo kapena chiyani. Panalinso bambo wina wokalamba wa ku Rivirivi, amene anapuma pantchito ndipo ankafuna kalata yake yoyambira ntchito kuti za penshoni yake ziyende. Fayilo yake ndinkaidziwa pamene ili, ndikanaitulutsa maso ali chitsinzinire. Koma tsopano kutsegula kabati kunkafuna anthu atatu asayine, ndipo wachitatuyo nthawi zonse anali ku msonkhano. Bamboyo anapalasa njinga katatu kudzangomva kuti abwerenso. Ulendo wachitatu anangovula chipewa n'kundiyang'ana. Ndinachita manyazi, chifukwa ntchito yathu si yobisa kokha, ndi yoti munthu akafuna pepala lake alipeze.

Ofufuza aja anafika pa mfundo yosavuta. M'rejisitiri timalowamo awiri. Atandiitana n'kundifunsa amene ndikumuganizira, ndinayankha mwaulemu kwambiri.

"Ine sindikunena munthu, abwana. Koma foni yanga ndi iyi."

Ndinapempha alonda abweretse kafoni kanga ka mphira kaja, ndinakaika patebulo, amuna atatuwo n'kukayang'ana ngati kachilombo. Sindinatchule dzina, koma ndinali nditaloza chala, ndipo ndinkadziwa. Mnzanga atafunsidwa anangoti, "Sindinajambule ine." Atamufunsa kuti nanga ndani, anati sangadziwe. Anamuimitsa ntchito, n'kumuuza kuti abwere Lachisanu la sabata yotsatira kudzamva chigamulo, ndipo aliyense ankadziwa kuti chigamulocho ndi kuchotsedwa. Mwamuna wake wa ku Joni uja anali atasiya kale kuimba foni, ana awiri aja ankadalira tebulo lachiwiri lija. Zonsezi ndinkazidziwa. Kalata yomuimitsayo ndinaiboola ndine n'kuiika m'fayilo mwake, ndipo ndinkadziuza kuti wadzichitira yekha.

Chithunzi chenichenicho ndinali ndisanachione bwino, popeza kafoni kanga sikaonetsa zithunzi. Lachiwiri masana ofufuza anachisindikiza papepala lalikulu n'kundipatsa kuti ndichisunge. Mmodzi anandionetsa banga lakuda pakona, n'kundifotokozera mwaukatswiri kuti umenewo ndi mthunzi wa chala cha wojambulayo, ndipo kuti mzere wodutsa pakati ndi pamene wakubayo anapinda pepala polibisa. Atatuluka ndinavala magalasi. Mthunzi wa chala suonetsa zilembo za kuseri kwa pepala, koma banga limeneli linkaonetsa. Amene anakulira pafupi ndi chiwaya sangasokoneze banga la mafuta ndi china chilichonse. Mzere wapakatiwo sunali wopinda, linali pepala lodulidwa pakati ndi mpeni kenako n'kulumikizidwa. Ndipo m'munsi mwa chithunzicho munkaoneka kansalu ka maluwa achikasu, chitenje chimene ndinagula ndekha pamsika wa Balaka, chimene achemwali amavundikira beseni la zitumbuwa.

Ndinakhala pansi. Makiyi m'chiuno anandilemera ngati mwala wa mphero.

M'mawa mwake ndinanamizira mutu n'kukwera minibasi, kudutsa Liwonde, Ntaja, mpaka Nselema, manja ali opanda katoni. Achemwali ndinawapeza pamalo pawo, akugulitsa kwa bambo wina wa kabaza. Ndinaima chapatali n'kumaonerera. Anapisa dzanja pansi pa benchi, anasolola pepala, anaika zitumbuwa zitatu, anapinda mwaluso n'kupereka. Bamboyo anachoka akutafuna, atagwira m'manja kalata yochenjeza mkulu wina wa ku ofesi kwathu za kubwera kuntchito ataledzera.

Titapatsana moni ndinafunsa.

"Achemwali, mapepala aja mumaotcha?"

"Eya, ndimaotcha. Amene anyowa kwambiri mafuta aja amakolezera bwino moto."

"Nanga enawo?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Kuotcha pepala labwinobwino, loyera mbali imodzi? Iyayi, Mulungu sakondwera ndi kuwononga. Anzangawa amakulungira manyuzi, inki n'kumamatira pachitumbuwa. Angawa ndi a boma, olimba, makasitomala amachita kuyamikira. A chidindo chofiirawa ndimasungira anthu aulemu, ashehe ndi aphunzitsi."

Ndinafuna kukalipa, koma ndikanakalipira ndani? Zaka zonsezo sindinafunsepo, ndipo safunsa anadya phula. Ndinangofunsa ngati panabwerapo munthu wina wochita chidwi ndi pepala. Achemwali anakumbukira msanga. Anati panabwera mkamwini wa pamudzi wina chakuseri kwa mzikiti, amene amagwira ntchito ya ulangizi ku Balaka ndipo amabwera Loweruka kudzaona banja. Anagula zitumbuwa ziwiri, anayenda pang'ono, anaima chilili pakati pa msewu mpaka galimoto inachita kumuimbira hutala.

"Kenako anabwerera akuthamanga, akuti mayi, ndipatseni zina ziwiri, koma mundikulungire m'pepala lotsatira. Ndinaona kuti zamukomera, ndinamuwonjezera chimodzi. Analumikiza mapepala awiriwo pabeseni pangapa n'kujambula. Munthu waulemu kwambiri, anati sikomo kawiri."

Ndinatenga mapepala onse otsala pansi pa benchi ndi kuseri kwa khitchini, n'kuwaotcha ndekha limodzilimodzi, ndikuona ndithu akupsa. Achemwali anaima pambali atagwira m'chiuno, akudandaula kuti sukulu imawononga anthu mitu.

Pobwerera ndinali ndi nthawi yambiri yoganiza, ndipo zimene ndinkaganiza si zonyaditsa. Umboni unali utapsa. Ofufuza anali okhutira ndi mthunzi wawo wa chala. Ine ndinali nditatsala zaka zochepa kuti ndipume ndi ulemu wanga wonse, ndipo m'buku muja munali siginecha yanga pamzere uliwonse, kutsimikiza kuti ndinaotcha zimene anthu a ku Nselema ankapukutira m'manja. Kuyambira Ntaja mpaka Liwonde ndinali nditatsimikiza kukhala chete. Titawoloka Shire ndinakumbukira funso lija la mnzanga ndi mmene ndinamuyankhira. Lachinayi lonse ndinakhala moyang'anizana ndi tebulo lopanda munthu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Lachisanu ndinalowa m'chipinda cha msonkhano osaitanidwa. Mnzanga anali atakhala pampando wapakona, manja pamiyendo, atavala diresi lake la kutchalitchi. Ndinatulutsa m'chikwama kaphukusi kamene achemwali anandikulungira ndisanayambe kuotcha mapepala aja: zitumbuwa ziwiri zokulungidwa m'theka la kalata ya chidindo chofiira. Ndinakaika pafupi ndi chithunzi chija kuti mabanga awiriwo aonane. Kenako ndinafotokoza zonse, kuyambira makina okhala ndi ketulo, katoni ya pamiyendo, mpaka mkamwini wogula kawiri. Sindinasiye ngakhale za buku.

Katswiri wa mthunzi wa chala uja anatenga pepalalo, analiyang'ana padzuwa, analinunkhiza, n'kuliika pansi pang'onopang'ono. Mnzake wina anayamba kutsokomola mwachilendo mpaka anatuluka panja, ndipo tinkamumva pakhonde akutsokomolabe ndi mawu ofanana kwambiri ndi kuseka. Abwana athu anafunsa kuti zimenezi zachitika kwa nthawi yaitali bwanji. Nditawauza, anagwira mutu, ndipo ndikhulupirira kuti ankawerenga mumtima makalata onse amene anawakonzapo kasanu. Anatitulutsa kuti akambirane. Pamene ankatiitananso, patebulo panali patatsala pepala lokha, zitumbuwa palibe.

Nkhani yotere palibe amene ankafuna kuti ikafike kulikulu momwe inalili, ndiye inadindidwa chidindo chofiira nayonso. Ofesi inangouzidwa kuti kafukufuku watha ndipo palibe wochotsedwa. Makina odulira mapepala anakonzedwa sabata yomweyo. Ine anandipatsa kalata yondichenjeza, anandichotsa m'rejisitiri n'kundiika patebulo la pakhomo lolandirira makalata, ndipo anandiuza kuti makiyi ndipereke kwa mnzanga.

Ndinawamasula m'chiuno tili awiriwiri m'chipinda chathu chija. Chingwe chake chinali chitazolowera mfundo, chinandivuta. Ndinamupepesa, ndipo kupepesa munthu wamng'ono kwa ine sindinakuzolowere, mawu ankatuluka mokakamira. Ndinati ndikudziwa kuti wadabwa kumva kuti wolakwa ndine.

"Sindinadabwe, amayi," anatero. "Zitumbuwa zija munkandipatsira zinkabwera m'mapepala athu omwewa. Ndinkadya ndi ana, pepalalo n'kuotcha pambaula."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira jumbo yoyamba."

Ndinamufunsa chifukwa chimene sanawauzire anthu a kulikulu aja pamene ntchito yake inali pamoto.

"Munandiuza nokha tsiku loyamba kuti za m'chipinda chino sizituluka. Komanso mwatsala pang'ono kupuma. Ndinkati mwina muona nokha."

"Ndikanapanda kuona?"

Anayang'ana makiyi m'manja mwake. "Ndikanapita kwathu kwa Nsamala kukalima nandolo."

Ndinalira, ine amene anthu ankati ndilibe misozi. Iye sananditonthoze ndi mawu. Anatsegula kabati, anatulutsa fayilo ya bambo a ku Rivirivi aja n'kuiika pamwamba kuti akabwera asabwererenso chimanjamanja, kenako anandipempha kalata yanga yondichenjeza ija. Anaiboola bwinobwino pakona, anaiika m'fayilo mwanga, n'kukhoma.

Ndinakhala patebulo la pakhomo mpaka tsiku lopuma. Anthu a mu ofesi ankaganiza kuti ndinapempha ndekha ntchito yopepuka chifukwa cha matenda anga aja, ndipo ena ankandiyamikira kuti ndinachita mwanzeru. Paphwando londitsanzika abwana atsopano ananena kuti m'zaka zanga zonse palibe chinsinsi chimene chinatulukapo m'manja mwanga, anthu n'kuwomba m'manja. Ndinayang'ana mnzanga uja. Nayenso ankawomba, nkhope ili phee. Mpaka lero sanauzepo munthu, ndipo amene akuiulula nkhaniyi pano ndine ndemwe.